Mchenga Wakuda M'mbale Yoyera

Thamesmead, London
6 Malichi 2005

Okondedwa Ababa,

Muli bwanji ku Kamwendoko, inu ndi amayi? Chifuwa chanu chija chikuti bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira sikunatileke. Daisy wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, mano awiri akutsogolo aguluka, moti akamalankhula Chizungu chakecho ndimangomva mphepo yokha. Ndikanakuimbirani foni, koma makutu anu munawasiya kumgodi, ndipo nkhani iyi si yofuula pafoni ya pagolosale anthu akumvetsera.

Mukudziwa kuti mkamwini wanu, a Wiseman, anapeza ntchito kukampani ina yopala zitsulo za milatho ndi mabwato m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Sapala ndi manja ayi. Amapopera mchenga wakuda ndi paipi ya mphepo, mchengawo n'kumachotsa dzimbiri ndi penti yakale. Tsiku lina ndikupisa m'matumba a ovolosi yawo kuti ndichape, ndinatulutsa mchengawo, wakuda bii, wonyezimira ngati botolo losweka. Ababa, ndinakhala pansi. Ndi silagi. Zinyalala zomwe zija munkataya kuseri kwa ng'anjo mukamaliza kusungunula mkuwa ku Kopala zanditsatira mpaka kuno. Amazigaya, kuziika m'matumba, n'kumazigulitsa ngati shuga.

Tsono mpingo wathu wa Amalawi umapemphera m'shedi yakale ku Woolwich, ndipo kuseri kwake kuli bwalo limene ana a Sande sukulu amaseweramo. Mvula ikagwa pamakhala matope okhaokha. Abwana a kukampaniko akuti atipatsa malole awiri a mchengawu ulere kuti tithire pabwalopo. Amene anabwera ndi nkhaniyi ndi mkamwini wanuyo, ndipo masiku ano akuyenda chifuwa patsogolo. A Walter, mkulu wa mpingo, analengeza kuti Ambuye atigwetsera mana. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaimirira n'kunena kuti mwana wanga sasewera pazinyalala za mgodi. Pomwepo mayi wina kumbuyo anati, "Amayi a Daisy, shifiti yakutopetsani eti? Khalani pansi."

Iwowa sakudziwa kanthu. Ambiri anachokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mgodi amangouona pachithunzi. Ine ndinakulira m'munsi mwa chimulu cha silagi chija, ndipo mng'ono wanga Effie tinamuika m'manda ali ndi zaka za Daisy zomwezi. Mmene ankakhosomolera muja ndimamumvabe.

Ndiye ndikukupemphani, lembani kalata yoti ndikawerenge mumpingo. Inu akumverani, poti munagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ine kwa iwo ndine mkazi wosambitsa nkhalamba za Azungu, ndingadziwe chiyani.

Mundiuzeko za mvula ndi za m'munda. Moni kwa amayi.

Ndine mwana wanu,
Winfrida


Kamwendo, Mchinji
21 Malichi 2005

Nambewe mwana wanga,

Kalata yako ndalandira. Ife tilipo. Mvula inatithawa mwezi watha chimanga chisanakhwime, tikolola zochepa, koma chinangwa chilipo. Mayi ako mwendo ukuwavuta pang'ono. Umuuze Daisy kuti mano amameranso.

Tsopano ndikuyankhe, ndipo sindikunyengerera. Wandikhumudwitsa. Chinthu chimene chinakuveka yunifolomu ndi nsapato, lero ukuchitcha zinyalala pamaso pa anthu? Silagi si nyansi. Ndi mwala umene wadutsa pamoto. Ine ndinkaima pakhomo pa ng'anjo n'kumaiona ikutuluka yofiira psuu, yoyenda ngati phala, ikazizira n'kuuma gwa ngati galasi. Tinkaithira m'misewu ya m'komboni, pansi pa njanji, ena ankasakaniza ndi simenti n'kuumba njerwa. Sukulu imene unaphunziramo kulemba dzina lako, maziko ake anali silagi. Ngati Azungu a ku Mangalande afika pomaigula m'matumba, ine ndikunyadira. Mwina ina mwa iyo ndinaitsanula ndine.

Ngati ukukayika, kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo amuna oposa makumi atatu ndinawaphunzitsa ndine. Tapa dzanja limodzi, uike m'mbale yoyera, uthire madzi, utakase ndi chala. Silagi yeniyeni imamira nthawi yomweyo, madzi n'kutsala mbee, oti munthu n'kuona nkhope yake. Ilibe fumbi, ilibe mtundu wina. Silagi yotero sinaphepo munthu.

Za Effie usandilemberenso. Mulungu anapatsa, Mulungu anatenga. Dokotala wa kumgodi analemba kuti chinali chibayo, ndipo pepala lakelo ndili nalo m'sutikesi mpaka lero.

Chomaliza, mwamuna wako wachita chinthu chabwino, wapezera mpingo mphatso kudziko la eni. Iwe m'malo momuthokoza wamuchititsa manyazi pagulu. Mtima wapachala umenewu unali nawo kuyambira uli mwana, ndinkaganiza kuti banja laudontheza madzi. Kapepese kwa iye ndi kwa akulu a mpingo. Mawu a akulu akoma akagonera.

Ndilembere kuti zatha bwanji.

Ndine bambo ako,
Bester Mbewe


Thamesmead, London
11 Epulo 2005

Apongozi anga olemekezeka,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Pepani ndi nkhani ya mvulayo. Aka n'koyamba kukulemberani ndekha, ndipo ndikulemba ndi mtima wothokoza komanso wolemedwa.

Kalata yanu inafika amayi a Daisy ali kuntchito, ndiye ndinaitsegula ndine. Lamulungu lotsatira ndinaiwerenga mumpingo, mbali zofunika zokha chifukwa nthawi inali itatha. Pamene munati silagi si nyansi koma mwala wodutsa pamoto, anthu anati ameni. A Walter akuti ndikuuzeni kuti ndinu bambo wanzeru. Ine ndinkati nkhani yathera pomwepo.

Koma dzulo, apongozi, ndaona zimene sindinaonepo. Kuntchito timavala chipewa chachikulu chophimba mutu wonse mpaka m'mapewa, chagalasi kumaso, chokhala ndi paipi yobweretsa mpweya, komanso magolovesi ofika m'zigongono. Ndinabwera nazo kunyumba kuti ndikonze lamba wake. Mwana wanuyu anazitenga, kumuveka Daisy pamwamba pa diresi lake la kutchalitchi, n'kukwera naye basi choncho kuchokera ku Thamesmead mpaka ku Woolwich. Analowa kwaya ili pakati pa nyimbo, mwana akukoka paipi pansi. Anamuimika kutsogolo n'kunena kuti, "Bambo ake akamagwira mchengawu amavala chonchi. Ndiye nonse mugulire ana anu zipewa, bwalo likubwera." Ana anaseka. Akuluakulu sanaseke. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndikuuzeni zoona, mchengawu ndi womwe tinapalira mlatho wina wakale chaka chatha. Sitingaugwiritsenso ntchito chifukwa unaphwanyika, ndipo kukautaya kumafuna mapepala ambirimbiri, malo akenso ndi akutali. Ndiye abwana anaganiza kuti m'malo moutaya uthandize anthu. Cholakwika n'chiyani pamenepa? Ana sakaudya ayi, akangopondapo.

Apongozi, ndakhala m'dziko muno zaka zinayi ndikukolopa masiteshoni ndi kutsuka zimbudzi za m'maofesi. Iyi ndi ntchito yoyamba imene bwana amanditchula dzina langa. Wandilonjeza kuti zikayenda bwino apa andiika ukapitawo. Inu mukudziwa kuti mwamuna kusunga ntchito n'chiyani, poti munaisunga mpaka penshoni.

Tagwirizana kuti tithira mchengawu Loweruka pa 30 mwezi uno. Chonde mulankhule nayenso mwana wanu. Ine mawu andithera.

Ndine mkamwini wanu,
Wiseman


Thamesmead, London
12 Epulo 2005

Ababa,

Moni kwa inu ndi amayi. Zina ndikufunsani tsiku lina, lero ndili ndi mkwiyo.

Ndinakupemphani ndodo yoti ndidzitetezere, inu mwaipereka kwa amene akundimenya. Kalata yanu ndinaimvera m'tchalitchi ngati chilengezo cha maliro, anthu akunditembenukira kuti aone nkhope yanga. Azimayi awiri abwera kale kunyumba kuno kudzandipempherera kuti mzimu wamwano unditulukemo. Ndinawaphikira tiyi, anamwa, mzimu uli pomwepo.

Dzana ndiye ndinaipeza kalatayo m'Baibulo la bambo a Daisy, ndipo ndaona chimene anadumpha powerenga. Anadumpha za mbale. Munthu sadumpha ndime mwangozi, ndime ya pakati penipeni, ina yonse n'kuwerenga mpaka dzina lanu.

Ndinachita monga munanenera. Mbale yoyera, dzanja limodzi la mchenga umene anabweretsa kudzaonetsa a Walter, madzi a pampopi, chala. Nkhope yanga sindinaione, Ababa. Madzi anachita bii ngati a m'chithaphwi, pamwamba pakuyandama tizibenthu tofiira ndi tobiriwira. Ndi penti ya mlatho imeneyo, penti yakalekale, pamodzi ndi dzimbiri, ndi silagi yanuyo itasanduka ufa. Nditawaonetsa bambo a Daisy anati mbale yanga sinali yotsuka bwino. Ine amene ndimatsuka mbale za nkhalamba makumi anayi tsiku lililonse.

Mwina cholakwa chinali changa, sindinakuuzeni bwinobwino kuti mchengawu ndi wogwira kale ntchito. Ndiye pano ndakuuzani. Ndakutumiziraninso womwewo m'kaenvelopu kakang'ono kali m'katimu. Kalatayi sindiponya ku positi. Abwera nayo a Edna, namwino mnzanga amene akubwera kumaliro a achimwene awo ku Namitete. Akupatsani pamanja, ndipo adzadutsanso pa 25 kudzatenga yankho. Kuno afika pa 27, kutatsala masiku atatu.

Yesani nokha ndi chala chanu. Mukaona zomwe ndaona ine, lembani mizere iwiri yokha, yoti ndikaikweze m'mwamba pamaso pa a Walter. Anakhulupirira mawu anu kamodzi, akhulupiriranso. Mukatero nkhaniyi ithera mumpingo, malole abwerera mwakachetechete, bambo a Daisy mwina ntchito yawo ipulumuka. Mukapanda kutero nditsala ndi njira imodzi, yokanena kukhonsolo, ndipo mukudziwa kuti ndikanena ndanena.

Mwati ndisakulembereninso za Effie. Chabwino, ndikulemberani za Daisy. Akakhala pansi amadya ndi manja omwe wasewera nawo, ndipo chala chachikulu sanasiyebe kuyamwa.

Winfrida


Thamesmead, London
8 Meyi 2005

Ababa,

Ndikhulupirira muli moyo, poti a Edna anakuonani ndi maso mutakhala pakhonde mukusoka thumba. Akuti munawauza kuti yankho palibe. Ndamva. Ndikuuzeni tsono mmene zinathera, kuti musadzazimvere kwa ena.

Malole anatsitsa mchenga Lachisanu masana, milu iwiri kutalika kufika m'chifuwa. Tsiku lomwelo ndinaimbira a khonsolo, anati abwera Lolemba. Loweruka m'mawa ndinasiya Daisy kwa a Edna n'kukwera basi ndi mbale yanga m'chikwama ndi botolo la madzi. Ndinapeza azibambo ali ndi mafosholo ndi mawilibala, azimayi akuphika mpunga m'kati, ana akwera kale pamulu akutsetsereka, mawondo ali bii.

Sindinalonjere munthu. Ndinatapa mchenga, kuthira madzi, kutakasa, onse akuyang'ana. Kenaka ndinatenga kapu ya tiyi patebulo, kutsanuliramo madziwo, n'kupereka kwa a Walter ndi manja awiri, mwaulemu wonse, nditagwada.

"Munati ndi mana," ndinatero. "Mana amadyedwa. Yambani ndinu, ana atsatire."

A Walter anayang'ana m'kapumo n'kunena kuti, "Mayi, musayese Ambuye."

"Sindikuyesa Ambuye, ndikuyesa mchenga."

Anaika manja kumbuyo. Ndiye ndinapita nayo kwa bambo a Daisy. Iwo anailandira, Ababa, mpaka anaiyandikiza pakamwa. Kenaka anandiyang'ana. Anangoti, "Winfrida, bwanji ukundichita zimenezi?" N'kuitsitsa pansi pang'onopang'ono.

Ine ndinayala chitenje pamwamba pa mulu n'kukhalapo. Ndinati wofuna kutapa ayambe watapa ine. Mvula inayamba kuwaza, sindinasunthe. Mayi uja anandiuza kuti ndikhale pansi tsiku loyamba lija ndi amene anayamba kukoka ana ake awiri, kuwasambitsa m'manja pampopi, n'kumapita osatsanzika. Ena anatsatira. Pofika madzulo panatsala ine, milu iwiri, ndi mawilibala opanda kanthu.

Lolemba a khonsolo anabwera atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anatchinga bwalo lonse ndi tepi, anatapa mchenga m'timabotolo. Lachisanu anandiimbira kuti apezamo mtovu wochokera mupenti ija, umene umaononga ubongo wa ana. Kampani aiuza kuti ichotse zonse ndi kukataya koyenera, ndipo nkhani yake sinathe.

Bambo a Daisy anawachotsa ntchito Lachitatu. Abwana awo omwe ankawatchula dzina aja akuti sakudziwa kuti mchenga unafika bwanji kutchalitchi, wantchito anachita yekha. Lachinayi analongeza chikwama, ali kwa mnzawo ku Peckham. Foni yanga sakuyankha. Mpingo wandilembera kalata yoti ndiyambe ndapuma kaye mpaka nditapepesa chifukwa chotengera nkhani ya m'nyumba kwa akunja. Daisy amafunsa kuti adadi abwera liti, ine ndimati sindikudziwa, chifukwa sindikudziwadi.

Zikundiwawa, sindinama. Mwamuna wangayo ndimamukonda, ndipo ndikudziwa mmene anavutikira kuti apeze ntchito imeneyo. M'basi ndimalira anthu akundiona. Koma sindipepesa. Kwa a Walter ayi, kwa bambo a Daisy ayi, kwa inunso ayi. Mizere iwiri yokha ndinakupemphani.

Amayi muwauze kuti mankhwala a mwendo ndinapatsira a Edna, azipaka m'mawa ndi madzulo.

Winfrida


Kamwendo, Mchinji
29 Meyi 2005

Nambewe,

Tilipo. Mankhwala mayi ako akupaka, mwendo wayamba kupepuka.

Yankho silinachedwe panjira, ndinalichedwetsa ndine. Kalata ya mwamuna wako itafika, nditangowerenga kuti mchengawo anapalira mlatho, ndinadziwa. Sindinafunikire mbale. Kaenvelopu kako ndinakaika pamwamba pa kabati osakatsegula, ndipo a Edna atabwera ndinawauza bodza kuti ndilibe chonena.

Kalata yako yomaliza ndinawawerengera mayi ako mokweza. Nditamaliza anaimirira. Anakwera pampando ndi mwendo wawo womwewo, kutsitsa kaenvelopu, kukatenga mbale yoyera ija tinabwera nayo kuchokera ku Kopala, n'kuziika patsogolo panga pamodzi ndi chikho cha madzi. Anati, "A Mbewe, takasani." Ndinatakasa.

Mayi ako anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali, kenaka anati, "Madzi awa ndikuwadziwa. Ndi omwe ankatsala m'beseni ndikachapa diresi la Effie."

Mwana wanga, kuseri kwa nyumba yathu kuja sikunali silagi yokha. Kunalinso damu la matope otsala akatsuka miyala ya mkuwa. Chilimwe linkauma, mphepo n'kumabweretsa fumbi lake mpaka m'mbale zathu, ndipo inu ana munkaumba nalo tinyumba. Ine amene ndinaphunzitsa amuna makumi atatu kuyesa ndi mbale, fumbi la pakhomo panga sindinaliyesepo ndi tsiku limodzi lomwe. Sikuti sindinaganizepo. Ndinkadziwa kuti ndikaona madziwo ndiyenera kulankhula, ndipo nyumba inali ya kampani, sukulu ya kampani, dokotala wa kampani. Kaya ndi fumbilo linamutenga Effie, kaya ndi chibayo monga analembera, sindidzadziwa, chifukwa nthawi yofunsa ndinakhala chete. Ndi chimene ndinkaopa m'kaenvelopu kako. Pepala la dokotala lija mayi ako akolezera moto m'mawa uno, ine ndikuona, ndipo sindinawaletse.

Ndinakuuza kuti mawu a akulu akoma akagonera. Anga agonera, ndipo anunkha. Usapepese kwa munthu aliyense. A Walter akafuna kalata ina ya bambo wanzeru uja, uwapatse iyi, ndipo aiwerenge yonse, osadumpha ndime.

Mwamuna wako ndamulembera payekha, kalatayo ili m'kati mwa yakoyi. Upite nayo wekha ku Peckham, umupatse pamanja, usabwerere asanaiwerenge. Sindinamudzudzule, ndilibe pakamwa pomudzudzulira. Iye anandiuza kuti ndikudziwa kusunga ntchito n'chiyani, ndiye ndamuyankha kuti ndikudziwadi. Ndamuuza kuti abwerere kunyumba akanyamule mwana wake, chifukwa pakati pa iye ndi ine wamwayi ndi iyeyo. Iye ntchito yatha, mwana ali naye. Ine ntchito ndinaisunga mpaka penshoni.

Unditumizire chithunzi cha Daisy, ngakhale mano asanamere.

Ndine bambo ako,
Bester Mbewe